Kabowo ka m'bwato la a Chikomeni

Alamu anga a Chikomeni, akulu awo a malemu amuna anga, anagwira ntchito zaka makumi awiri m'nkhalango ya paini ku Luwawa, kulambula njira zotchinga moto. Atapuma, anadzikhomera bwato la matabwa. Loweruka kukakhala bata ankatenga ana a pabanja pathu kukayenda pa damu, ndipo aliyense wokwera ankapatsidwa chochita. Mwana wawo Wakisa ankapalasa nawo. Wina ankakhala kutsogolo kuyang'ana zitsa zobisika m'madzi.

Amuna anga atamwalira mu 2019, mwana wanga Modester, wa zaka zisanu ndi zitatu, anasiya kulankhula. Kusukulu zii, kutchalitchi zii. Ndinapemphera miyezi itatu, ndikuopa kuti mawu ake anapita ndi bambo ake.

Tsiku lina alamu anatiitanitsa kuchokera ku Mzimba. Tisanakwere, anapatsa Modester chigubu chodula pakati.

"Iwe mama, bwato ili limalowa madzi. Uzikapa. Akafika pa mzere wofiirawu undiuze, ine maso ali kutsogolo. Ukapanda kunena, mbwenu tisambira tonse, ndipo amayi akowa amamira ndi m'beseni momwe."

"Alamu, bwanji osamata kaye ndi phula?" ndinafunsa.

"Mlamu, inu gwirani mbatatazi zisanyowe. Ntchito yanu ndi imeneyo basi."

Titatalikirako, Modester anakapa mpaka manja anatopa. Madzi anakwera, nakhudza mzere uja. Anandiyang'ana kuti ndimunenere. Koma ine ndinangoweramira mbatata zanga.

"Adada! Madzi afika!" Modester anafuulira abambo ake aakuluwo.

Alamu sanacheuke n'komwe. Anangoti, "Yewo chomene, mama," n'kukhotetsa bwato kulowera kumtunda, ngati palibe chachilendo chachitika. Ine ndinalirira m'chitenje.

Patapita nthawi Wakisa anandiululira kuti chitini cha phula chinali m'nyumba chikhalire. Kabowoko bambo ake ankakasiya dala, kuti wamng'ono pa onse akhale ndi ntchito yoti ena aziidalira. Ndiponso sankapitirira pamene madzi amalekeza m'chiuno.

Lero Modester ali ku sekondale, amaimba m'kwaya, ndipo nthawi zina ndimachita kumupempha kuti apumeko kulankhula. Alamu mawondo anawavuta, sapalasanso. Amakhala pa chitsa m'mphepete mwa damu n'kumakalipira Wakisa kuti asayerekeze kumata kabowo kaja, pakuti chigubu tsopano chili ndi mdzukulu wawo. Ndikamapemphera m'mawa, dzina lawo ndimalitchula ndisanatchule langa.