Chidole cha Jekete Yachikasu

Mu Dublin muno mulibe khwangwala amene sandidziwa ine. Ndikatuluka m'nyumba ku Finglas, onse amatsika pamadenga, kufola mzere, wamkulu wawo n'kugwada: "Mwadzuka bwanji, a Ellard?" Ena amasamukira ku Scotland akangomva ndikutsokomola.

Chabwino, ndanama. Akhwangwala a mumsewu wathu sasuntha n'komwe ndikamadutsa. Amene amaopedwadi ndi mwana wa mlongo wanga, Clotilda.

Mwanayu anabadwira ku Zomba, kufupi ndi Chilwa, kwa alimi a mpunga. Mpunga ukayamba kucha, aphunzitsi ankamuiwala nkhope. Mayi ake ankamudzutsa tambala asanasukusule kuti akaingitse mpheta kumunda, ndipo mawu ake anakulira komweko. Akakuwa ali ku Zomba, mpheta za ku Mozambique zinkasiya kudya. Anabwera kuno mu 2012, anaphunzira zosamalira okalamba, n'kupeza ntchito pa nursing home ina ku Balbriggan.

Ntchito anaipeza, koma pogona panavuta. Mu 2018 ukapita kukaona chipinda, unkapeza mzere wofika ku Belfast, aliyense atapanira makalata omuchitira umboni kuti ndi munthu wabwino. Clotilda anathera m'kachipinda kamodzi ndi Prudence, mtsikana wa ku Chipata wogwira ntchito yausiku. Bedi linali limodzi. Clotilda usiku, Prudence masana. Zaka ziwiri bedi limenelo silinazizirepo. Tsono masiku opuma ndiye anali chilango: ikangokwana 8 m'mawa atuluke mnzake agone, asabwerenso mpaka 5. Ankazungulira m'mashopu osagula kanthu mpaka a security anayamba kumufunsa za thanzi la mayi ake.

Tsiku lina mu May, atatopa ndi mashopu, anatsata gombe. Anapeza malo otchingidwa ndi waya, pambali pake kanyumba kamatabwa kokhala ndi windo loyang'ana kunyanja, mpando ndi ketulo. Pakhomo panali mayi wina wachizungu, a Maureen, mphunzitsi wopuma, zoonera patali zikulendewera pakhosi. Anamuuza kuti apa m'pamene amaonerera ndi kuwerenga mbalame za m'nyanja, ndipo akufuna anthu odzipereka mpaka August.

"Ntchito yake njotani?" anafunsa Clotilda.

"Kukhala m'kanyumbaka, kuyang'ana mbalame, kulemba zimene waona."

"Chitseko chimatsekeka?"

"Chimatsekeka."

"Ndilembeni."

Madzulo ake anandiimbira. "Ankolo, ndayamba kulondera mbalame."

"Iweyo? Mdani wa mbalame? Kuzilondera kuti zinenepe kaye?"

"Sizidyedwa, ankolo."

"Ndiye unadutsa nyanja zonsezi kudzalondera ndiwo zosadyedwa! Mayi ako akamva adwala BP."

Mbalame zake n'zazing'ono, zoyera, zachipewa chakuda ndi mulomo wachikasu. Zimachokera kumadzulo kwa Africa chaka chilichonse kudzaswa pagombe limeneli. Chisa sizimanga. Zimangofukula timiyala, n'kuikira mazira awiri kapena atatu pamtetete. Mwa ife tonse ochokera ku Africa, ndi zokhazi zimene zimapeza malo ku Dublin tsiku lomwe zafika.

Koma panali akhwangwala. Zaka ziwiri zotsatizana anali atamwa mazira onse, osauluka mwanapiye ngakhale mmodzi. A Maureen sanamubisire Clotilda: zikateronso chaka chino mbalame sizidzabweranso, ndipo kanyumbako kadzanyamulidwa pa lole kupita kugombe lina lakutali. Clotilda anayang'ana mpando, anayang'ana ketulo, n'kukumbukira a security aja. Pofika pakati pa June, pa zisa 24, akhwangwala anali atakhuthula 9.

Nzeru yake yoyamba inali ya kumunda. Anatolera zitini za nyemba ku nursing home, kuzimanga pachingwe, kuzunguliza waya yense. Akhwangwala atatera, anakoka chingwe n'kutulutsa mawu a ku Chilwa aja. Mawindo anagwedezeka ku Liverpool. Akhwangwala anathawadi, koma timbalame tija natonso tinabalalika, kusiya mazira pamphepo pafupifupi theka la ola. A Maureen anafiira ngati tomato wa ku Ntcheu.

"Clotilda, zitini izi zichoke lero lomwe. Ukadzakuwanso, udzangondisiyira cholembera uzipita."

Anazichotsa zonse. Madzulo ake chakudya sichinalowe, Prudence ndiye mboni.

Pafupi ndi waya panali chidole choopsezera mbalame chimene odzipereka anzake anaimika kale pamtengo, chovala jekete yachikasu ndi chipewa chachikulu. Akhwangwala ankachita misonkhano pamutu pake. A Maureen anati chikatayidwe. Clotilda anati ayi, n'kuwauza zimene mayi ake ankanena kumunda: chidole chimaopsa masiku atatu, lachinayi chimasanduka mpando. Kuti chiziopsabe, chizidzuka mwa apo ndi apo.

"Chidzuka bwanji?" anafunsa a Maureen.

"Mudzaone mawa. Sindikuwa, ndalumbira."

M'mawa mwake anafika kukungoyera. Anagoneka chidole m'kanyumba, anavala jekete ija, anatsitsa chipewa kumaso, n'kukaima pamtengo paja, manja atatambasula. Mphepo ya nyanja ya kuno imalowa m'mafupa n'kufunsa dzina la agogo ako, koma mwana wa mlongo wanga sanagwedezeke. Patatha ola, anabwera bwana wa akhwangwala, wamkulu ngati mbuzi. Anazungulira kawiri, n'kutera pamkono pake, n'kuyamba kusankha chisa cha kadzutsa.

Clotilda anangotembenuza mutu pang'onopang'ono. "Wawa, achimwene."

Kenako anaomba m'manja kamodzi. Khwangwala uja anasiya nthenga zinayi ndi ulemu wake wonse pamenepo. Akuti anakatera ku Wales, ndipo lero amadya masamba okhaokha. Timbalame tija sitinadzuke n'komwe pamazira. A Maureen, amene ankaonera pawindo, anaseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno.

Kuyambira tsikulo zinali zosinthana: lero chidole, mawa munthu, mkuja chidole m'mawa munthu masana, popanda ndondomeko yoti khwangwala n'kuiloweza. Vuto linali lakuti Clotilda ali ndi ma shift. Ndiye Lamlungu lina, Misa itatha ku Blanchardstown, anaimirira pamaso pa kwaya yathu ya Amalawi n'kupempha anthu.

A Hosea, oimbitsa kwaya, anavula magalasi. "Mwanawe, tamva bwino? Tivale ngati zidole, tiime pamphepo, tilondere mazira oti sitidya?"

"Eya, bambo. Muja mumaimira pa Gloria, manja m'mwamba. Kungoti musatsegule pakamwa."

"Ameneyo ndiye sangathe," anatero mkazi wawo.

Analembetsa anthu 11. Ambiri anali ngati iye, okhala anayi asanu m'chipinda, ofuna poti munthu n'kupumako mpweya wosagawana. Malamulo a Clotilda anali atatu: jekete ndi yomweyo, foni m'thumba, ndipo khwangwala umulonjere mwaulemu. Mayi wina wa ku Mzimba anamulonjera m'Chitumbuka, zinagwirabe ntchito. Inenso ndinalembetsa, poti banja likamamenya nkhondo malume sakhala kumbuyo.

Akhwangwala anasokonezeka mitu. Ankaima patali pamwala, kuyang'ana jekete ija, kukangana okhaokha. Ena anayamba kuopa aliyense wovala chikasu, moti okonza misewu ku Balbriggan anayamba kudya nkhomaliro mwamtendere koyamba m'mbiri ya Ireland. Pa zisa 15 zotsala zija panangotayika chimodzi, ndipo chimenecho chinatengedwa ndi mafunde. Mbalame zina zimene zinaberedwa mazira zinaikiranso.

Sabata yoyamba ya August, a Maureen ndi Clotilda anawerenga katatu kuopa kulakwitsa. Anapiye 34 anali atauluka. A Maureen anaimba foni kwa akuluakulu awo ali chiimire, misozi ili mbwembwembwe, ndipo yankho linabwera pompo: kanyumba sikasuntha. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi wa kanyumba kaja, n'kumuika m'dzanja la Clotilda. Chaka chamawa iye ndiye woyang'anira odzipereka onse, ndipo ngakhale nthawi yozizira azibwera kudzawerenga mbalame tsiku lililonse limene wafuna. Zaka zisanu ndi chimodzi ali m'dziko muno, ameneyu anali kiyi woyamba wosabisa pansi pa mphika wa maluwa kuti mnzake amupeze.

Loweruka tinachita phwando pagombe pomwepo, tiyi ndi mandasi, kwaya ikuimba chapansipansi kuopa a Maureen. Ine ndinaona kuti mbiri ikulembedwa popanda dzina langa, ndiye ndinakwera pamwala.

"Abale, pa 12 July ine ndinaima maola 6 osaphethira! Ntchentche inalowa m'mphuno, inatulukira kukhutu, ine zii. Akhwangwala atatu anakomoka pongondiyang'ana."

"Pa 12 July, ankolo?" anatero Clotilda, akupukuta mafuta a mandasi m'manja. "Lachinayi lija?"

"Lomwelo."

Anatulutsa foni. "A Maureen anatchera kakamera pachisa chapafupi ndi mtengo uja. Bwerani muone, a Hosea."

Anthu anaunjikana. Jekete yachikasu inaonekadi, itaima njo, maola akudutsa.

"Mwaona?" ndinatero. "Ngati msilikali!"

"Dikirani ndibweze kumayambiriro." Anatsetsereza chala. "Apa ndi 9 koloko, mwafika. Apa ndi 9:12. Uyu akutuluka m'kanyumba atanyamula chidole ndani? Uyu akuchiveka jekete, akuchisisita paphewa, akulowera kokagula tchipisi ndi nsomba, ndani?"

A Hosea anakhala pansi pamchenga, akupukuta misozi ndi tayi.

"Chidolecho chinaimadi bwino," anatero Clotilda. "Chaka chamawa ndilemba icho. Inu, ankolo, mudzangobwera ndi mandasi."