Njira ya Chala Chake pa Galasi

Zimene ndinataya m'nyengo ya chisanu ija ndi izi:

Mkazi wanga.
Mwana amene anali m'mimba mwake, wa miyezi isanu ndi iwiri.
Tulo.
Mpata wopepesa.

Zimene zinatsala ndi zovala zake, mipando iwiri ya pulasitiki imene ankakhazikapo anthu akamawaluka tsitsi, ndi foni yake yosweka pakona.

Anamugoneka m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Womudikirira anali mng'ono wake, mlamu wanga. Ine ndinkapitako ndikaweruka ku Makata, kumene ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Lachiwiri mkazi wanga anandipempha kuti mawa lake ndifike m'mawa. Ndinamuuza kuti kukubwera malole atatu, sindingachoke. Anatembenukira kukhoma.

"Pitani ku malole anuwo," anatero.

Ndinapitadi. Mlamu anandiimbira ndikusayina mapepala a lole yachiwiri.

Patatha masabata atatu chiikire maliro, mlamu anabwera kunyumba ku Nancholi kudzalongedza zovala za mkulu wake. Atamaliza anatulutsa foni ija m'chikwama n'kuiika patebulo.

"Alamu, pali chimene sindinakuuzeni. M'mawa uja achemwali anajambula mawu. Anati ndi anu."

"Ananena chiyani?"

"Sindinamve. Anandituma kukatenga madzi otentha. Pobwera ndinapeza anamwino atawazungulira, foni ili pansi."

"Kwa ine sikunafike kanthu."

"Paja amazimitsa data. Amati bandulo ukaisiya poyera imatha ngati shuga wa pamaliro."

Anaseka pang'ono, kenako anagwira pakamwa.

Tsiku lomwelo ndinagulira nambala yake bandulo, ndikuganiza kuti mwina uthenga ungadzuke wokha. Sunabwere. Unali m'katimo, ukudikira munthu woti atsekule foni n'kuyatsa data. Koma foniyo inkatsekulidwa pojambula patani, kulumikiza ena mwa madontho asanu ndi anayi a pa galasi, ndipo patani yake sindinkaidziwa. Sitinkagwirirana mafoni. Tinagwirizana choncho tisanakwatirane, ndipo ine ndinkanyadira nazo kwa anzanga.

Ndinkafuna kumva mawu amenewo. Ndinkawaopanso. Munthu amene watembenukira kukhoma usiku angadzuke ndi mawu otani m'mawa? Koma ndikapanda kuwamva, ndiye kuti mawu ake omaliza kwa ine akhala a malole aja mpaka ndidzafe.

Nthawi inali yochepa. Loweruka amalume ake ankabwera ndi abale kudzandisudzula, kundimasula ku banja lawo monga mwa mwambo, n'kugawana katundu wa malemu. Foni amalumewo anali ataiona kale pamaliro ndipo anali atalonjeza msuweni wina. Pa mwambo umenewu mwamuna sanena kuti ichi chitsale. Ukatero amati unkadikirira imfa yake. Ndinkadziwanso chimene msuweniyo akanachita Lolemba: kupita nayo kwa okonza kuti akaiflashe, kufufuta zonse zam'kati kuti iyambirenso ngati yatsopano.

Lachitatu m'mawa kunagwa chiperoni. Phiri la Soche silinkaoneka, madzi ankatsika pa zenera ngati thukuta. Ndinaika foni ija pa chaja changa chimene ndinagula pamsewu, ndikumwa tiyi. Mwadzidzidzi inayaka yokha. Ndinaona mzere ukuchoka pa dontho lapamwamba, kutsika pang'onopang'ono, kukhota, n'kuima. Panalibe chala. Mzere unafiira, foni inanjenjemera, kenako unayambanso.

Ndine munthu wophunzira mpaka kukoleji. Ndikudziwa kuti akufa sagwira mafoni. Komabe ndinapezeka nditaima pakhomo, kapu ili m'manja, tiyi atanditayikira pa thalauza. Mlamu atabwera masana anaona yekha, ndipo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Akufuna foni yawo," ananong'ona. "Tikanawaika nayo."

"Ndi galasi lasweka basi," ndinatero. Mawu anga sanamveke ngati a munthu wotsimikiza.

Chimene chinandiopsa kwambiri si mzimu. Nthawi iliyonse imene chala chosaonekacho chalakwitsa kangapo, foni inkalemba kuti tidikire. Poyamba inati theka la mphindi. Kenako mphindi imodzi. Pofika madzulo inkati mphindi zisanu. Mnzanga wa kuntchito anali atandiuzapo kuti mafoni ena ukalakwitsa kwambiri amadzifufuta okha. Sindinadziwe ngati yake inali ya mtundu umenewo. Kuizimitsa sindikanatha, chifukwa pofunika kudina pankakana chala changa. Kuisiya kuti batire lithe ndinkaopa kuti mwina sidzayakanso. Ndinangoona kuti ndikaichotsa pa chaja misala ija inkachepa, ndiye ndinkaipatsa moto pang'onopang'ono, ngati phala la wodwala.

Lachinayi ndinaganiza kuti mwina ndi litsiro. Ndinatenga kansalu, ndinaima pazenera, ndinapendeketsa foni kuti ndione popukuta. Dzanja langa linaima m'malere. Pa kapulasitiki kotchingira galasi panali njira. Mkazi wanga zala zake zinkakhala ndi mafuta a tsitsi tsiku lonse, ndipo chala chimodzi chinali chitadutsa malo amodzimodzi kwa zaka ziwiri mpaka pulasitiki inasalala. Mzere wotsika kumanzere, wopingasa pansi, ndi kamchira kokwera pa dontho lapakati. Ukaiyang'ana chamaso sunkaona kanthu. Ndinaika kansalu kaja kutali, n'kukulunga foniyo mu envelopu.

Lachisanu ndinapempha kuntchito ndi kukwera minibasi ya ku Limbe. Envelopu ndinaigwira pachifuwa njira yonse. Inanjenjemera kawiri tisanafike.

Woyamba amene ndinamupeza anali ndi katebulo pakhonde la sitolo, mafoni osweka atawaunjika ngati matemba. Sanadikire kuti ndimalize kufotokoza.

"Bigi, izi n'zazing'ono. Choyamba tichotse kapulasitiki aka, n'kamene kamanamiza foni. Zikakanika tiiflasha, mudzaitenga mawa ili khanda."

Chikhadabo chake chinali chitalowa kale pansi pa kona. Ndinamugwira mkono mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

"Aaa, madala! Mwabweretsa foni kapena ndewu?"

Mnzake wogulitsa machaja pambali anasuzumira. "Patani sakuidziwa ameneyo. Ndi ya madamu! Akufuna aone amene amawaimbira iye akapita kuntchito."

"Musaone, bigi, mudzaonda!"

Anaseka onse. Ndinatenga foni ija. Ndinakanikiza kona ija ndi chala kuti imatirirenso, n'kuchoka.

Ndinayenda misewu iwiri osadziwa kolowera. Mayi wina wa m'sitolo ya nsalu ya amwenye ndi amene anandilozera kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri. Kumapeto kwake kunali kachipinda, ndipo m'katimo munali bambo wachikulire wovala kofia yoyera, akuyang'ana foni yotsekulidwa pansi pa nyali. Wotchi ya pakhoma inkati twente pasiti leveni.

"Lero ndi Lachisanu, achimwene," anatero asanadzutse mutu. "Thwelofu isanakwane ndimatseka, ndimapita ku mzikiti."

"Ndi ya mkazi wanga. Anamwalira. Muli mawu amene sanandifike."

Anavula magalasi. Anatambasula manja awiri, ndipo ndinamupatsa.

"Kapulasitiki musachotse," ndinatero. "Musapukutenso."

Anaipendeketsa ku nyali, n'kugwedeza mutu. Nthawi yomweyo inayaka, mzere uja unayamba kuyenda wokha. Iye sanadzidzimuke.

"Mwakhala mukugona nayo nyumba imodzi imeneyi?"

"Masiku atatu."

"Khalani pansi. Chimene mumati galasi ndi zinthu zitatu zophatikizana. Chapamwamba n'chotchinga. Chapansi n'chimene chimaonetsa zithunzi. Pakati pali ukonde wa timizere tosaoneka, ndipo m'timizereto mumayenda magetsi pang'ono. Chala chikayandikira chimakoka magetsiwo, foni n'kudziwa pamene mwagwira. Ndiye foni sidziwa chala, achimwene. Imangodziwa kuti magetsi asuntha. Apa pasweka, chinyontho cha chiperoni chalowa. Dontho la madzi nalonso limakoka magetsi. Mukawonjeza chaja cha pamsewu, ndiye gule."

"Ndiye si..."

"Si iwo ayi. Akanakhala iwo, bwenzi akulakwitsa patani yawo yomwe?"

Ndinapuma ngati munthu amene watula thumba la simenti. Koma pansi pa mpumulowo panali kanthu kena kamene sindinakayembekezere. Masiku atatu aja, ndikuopa choncho, m'nyumba munali ngati muli anthu awiri.

Anatenga kachipangizo kouzira mpweya wotentha n'kuyamba kuumitsa pakona paja, chapatali, akuyendetsa dzanja mozungulira. Anati kusintha galasi lonse kungatheke, koma la foni imeneyi analibe, likanafika Lachiwiri. Ndinamuuza za Loweruka. Sanafunse zambiri. Anatsekula kabati n'kutulutsa mausi ya kompyuta ndi kachingwe kakafupi, n'kuilumikiza pa bowo la chaja. Pa galasi panaoneka kamuvi.

"Chala chanu ndi ichi tsopano. Chinyontho chikauma foni imakhala chete, koma si kwa nthawi yaitali. Ikazizira ziyambiranso. Mudine, musasiye mpaka mzere uthe."

Foni inali ikuwerengabe mphindi za kulakwitsa kwa m'minibasi. Tinadikira. Itamaliza ndinaika kamuvi pa dontho lapamwamba kumanzere, monga munthu amayambira kulemba. Ndinatsika, ndinapingasa, ndinakwera pakati. Ndinasiya.

Mzere unafiira. Mphindi zisanu.

Ndinachotsa dzanja pa mausi. Bwanji ngati njira ija inali ya patani yakale, iye atasintha mwezi watha? Bwanji ngati foni inali itatsala ndi mwayi umodzi wokha? Kunja anthu ovala mikanjo anayamba kudutsa pakanjira. Wina anasuzumira n'kuitana bambo uja.

"Tsogolani, ndikupezani," anayankha. Anayatsanso kouzira kaja.

"Ndakuchedwetsani," ndinatero.

"Mzere uli ndi nsonga ziwiri. Inu mwayamba mmene mukanayambira inu. Iwo ankaigwira bwanji?"

Ndinatseka maso. Ndinamuona ataima kumbuyo kwa mpando wa pulasitiki, chipeso chili kukamwa, dzanja lamanja litagwira tsitsi la munthu kuti lisamasuke. Foni ikalira ankaitenga ndi lamanzere. Chala chachikulu chinkagwera pakati, n'kukankhira kutali, n'kubwerera, n'kukwera. Ndinaona zimenezi kambirimbiri osadziwa kuti ndikuziona.

Mphindi zitatha ndinagwiranso mausi, koma kamuvi kankavina. Bambo uja anaika buku pansi pa mausi n'kugwira foni kuti isasunthe. Ndinayamba pakati. Kutsikira kumanja. Kupingasa. Ndili pakati pokwera, pakona yosweka paja panaphethira kamodzi. Sindinasiye.

Inatseguka.

Chithunzi cha pamwamba sichinali changa, sichinalinso chake. Unali mutu wa kasitomala, woujambula chakumbuyo, malukidwe amene ankawanyadira. Ndinakokera pansi ndi kamuvi, ndinapeza pa data, ndinadina. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako m'thumba la thalauza langa munanjenjemera.

Bambo uja anamva. Anachotsa kachingwe, anabwezera foni mu envelopu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Musamvere pano," anatero. "Pano pali phokoso."

Anakoka chitseko chachitsulo n'kuthamangira kumene anzake analowera.

Pa foni yanga panali dzina lake, ndi uthenga wa masekondi khumi ndi anayi. Sindinautsekule m'minibasi. Sindinautsekulenso nditafika kunyumba. Ndinausunga malo atatu osiyana, ndinaonetsetsa kuti wasungikadi, n'kuika foni patebulo chafufumimba. Tsopano panalibe galasi loti ndilinamizire. Chinatsala ndi mantha anga okha.

Loweruka abale anabwera. Anayala mphasa pabwalo, anatulutsa zovala, anagawana. Foni yake ndinaipereka kwa amalume nditagwada, ndipo msuweni uja asanaiike m'thumba anaipukuta pa malaya ake. Ndinaona. Amalume analankhula mawu ondimasula, anati ndinamusunga bwino mwana wawo. Mipando iwiri ija inapita pamutu pa mlamu. Potsanzikana anandiyang'ana ngati akufunsa, ndipo ndinapukusa mutu.

Atapita onse ndinakhala pa sitepe ya khonde, dzuwa likuwala pang'ono pambuyo pa masiku a chiperoni. Ndinaika foni pakhutu. Kunamveka mawilo a bedi likukankhidwa chapatali, mayi wina akutsokomola, kenako kupuma kwake, pafupi kwambiri.

"Bambo a mwana, mudakakwiyabe? Ine zanga zatha. Mukamabwera madzulo munditengere juzi yofiira ija, kuno kukuzizira. Ndi masokosi anu akuda aja, anga akundithina. Musathamange, mundipeza."