Ndinawatsekera M'chipinda Kuti Asiye Mowa

Inu owerenga, ndikulemba izi nkhope ili pansi. Ndinatsala pang'ono kupha bambo a mwana wanga, ine ndikuganiza kuti ndikuwathandiza.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndipo timakhala kufupi ndi Mponela. Amuna anga anayamba kumwa pamene ankagula fodya m'midzi ya ku Chisepo. Poyamba zinali za Loweruka basi. Kenako zinafika poti m'mawa sankatha kumanga zingwe za nsapato asanalaweko kachasu, manja ali njenjenje. Ine ndinkabisa. Ndinakulira m'banja la mpingo, bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndiye ndikanayambira pati kunena kuti ndinakwatiwa ndi chidakwa?

Zinavuta titalembetsa mwana wathu Tadala kuti abatizidwe. Kumpingo kwathu akulu a mpingo amayamba aona kaye makolo, ndipo womwa mowa amamuimitsa. Ndinawachonderera amuna anga kuti asiye akuluwo asanabwere. Anavomera akugwetsa misozi, koma anati paokha sangathe. "Munditsekere m'chipinda, amake Tadala. Ngakhale ndilire bwanji, musatsegule."

Ndinatsekadi ndi loko. Zopita kuchipatala zinandibwerera m'maganizo, koma ndinaopa kuti kumeneko tikakumana ndi anthu otidziwa.

Kutacha anayamba kusanza, thukuta lili kamukamu. Anandipempha kuti ndiwapezereko pang'ono chabe. Ndinawayankha kuti ameneyo ndi Satana, apirire. Atayamba kukuwa kuti pakhoma pali linthumbu ndipo pakona payima anthu, ine ndinakweza wailesi, nyimbo za kwaya, kuti oyandikana nawo asamve. Mumtima ndinkati mowawo ukutuluka m'thupi.

Masana ena ndikuyanika matewera ndinamva chinthu chikugwa. Nditatsegula ndinawapeza pansi akuphupha, thovu kukamwa, magazi akutuluka chifukwa anadziluma lilime. Ndinathamangira panja mwana ali kumsana. Wokhala ndi galimoto pafupi nafe anali mmodzi yekha, ndipo anali mkulu wa mpingo, mmodzi wa omwe tinkawayembekezera aja. Anatinyamula osafunsa zambiri.

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Kuchipatala dokotala anandifunsa kuti, "Mayi, bambowa amamwa mowa?" Mkulu uja anali chiimire pambali panga, chipewa chili m'manja. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, mwina ndi malungo. Inu owerenga, mwamuna wanga ali gone pamaso panga, ine ndinasankha kuteteza dzina. Anawayeza malungo, sanawapeze. Akufufuzabe zina, amuna anga anaphuphanso pabedi pomwepo, anamwino akuwagwira kuti asagwe. Pamenepo m'pomwe pakamwa panga panatseguka. Ndinanena zonse, za kachasu wa tsiku ndi tsiku, za loko, za wailesi.

Dokotalayo sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anawabaya jakisoni, kuwaika diripi, kenako n'kundifotokozera modekha. Anati thupi la munthu amene wamwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali limazolowera, moti kumusiyitsa mwadzidzidzi kukhoza kumukomola, kumusokoneza mutu, ngakhale kumupha. Munthu wotere amayenera kuyamba kusiya akuyang'aniridwa ndi achipatala, akumupatsa mankhwala okhazika thupi pansi omwe amawachepetsa pang'onopang'ono. "Mukanatiuza pofika, tikanayamba kale mankhwala oyenera," anatero.

Titatuluka pakhonde, mkulu wa mpingo uja anangoti, "Mwana wanga, zoti amamwa tonse tinkadziwa. Tinkadikira kuti mutiuze." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Amuna anga anachira. Anagonekedwa mpaka kunjenjemera kutatha, ndipo achipatala anatiuza kuti chimenecho n'chiyambi chabe, ayenera kumapitabe kukalandira uphungu. Amapita. Anaterereka kamodzi n'kumwanso, tinabwereranso komweko masana dzuwa likuswa mtengo, osabisala. Za masiku a m'chipinda aja sakumbukira bwino. Amandithokoza kuti ndinawathamangitsira kuchipatala, ndipo nthawi zonse akatero ine ndimasowa poyang'ana, chifukwa za bodza lija sindinawauzebe. Mpaka lero akatsokomola m'tulo ndimadzambatuka kuwayang'ana ngati akupuma.

Amayi anzanga, ndi inu nonse amene muli ndi m'bale womwa mosadukiza, akanena kuti akufuna kusiya, musamutsekere, musamumange, musangomutayira mowa n'kumusiya yekha. Pempherani ndithu, koma pempherani muli panjira yopita kuchipatala. Ndipo dokotala akakufunsani ngati amamwa, yankhani kuti inde, ngakhale abusa anu ataima pomwepo akumva.