Direitori ndi Mphunzitsi Wake Apita ku Metangula

Ndinanyamuka tambala atalira kachiwiri, kalata yopempha kusamutsidwa ili m'thumba. Pasukulu yathu, kuseri kwa Meluluca, aphunzitsi, a purofesa monga amatitchulira kuno, tilipo mmodzi. Direitori, mkulu wa sukulu, ndine. Wachiwiri wake ndine. Woimba belu ndinenso. Msonkhano wa aphunzitsi ndimachita Lachisanu lililonse, ndipo kawiri konse unatha mosagwirizana.

Anthu a kumeneko sandida ayi, amandilemekeza mpaka kundidwalitsa. Ndikafika pabwalo nkhani zimazima, wina n'kuthamangira mpando. Akandiitana kudya amanditsekera m'nyumba ndekha ngati mkamwini watsopano, iwo akuseka panja. Zaka ziwiri palibe ananditsutsapo. Ndinasungulumwa koopsa.

Pa Meluluca, cha m'ma 7 koloko, ndinakwera lole yodzaza matumba a usipa, mtengo metikali 150. Mayi wina wogulitsa nkhuku anandigunda ndi chigongono.

"Iwe wa tayi, miyendo yonseyi ndi yako? Pinda."

Ndinapinda, iwo n'kundikhazika tambala pamaondo. Mtima wanga unachita kuti myaa.

"Amayi, tanenaninso kuti iwe."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwamwa kale m'mawa muno?" Komabe anabenthula chinangwa chophika n'kundipatsa theka. Ndinatafuna pang'onopang'ono kuti chisathe msanga.

Chakufupi ndi Nkholongue lole inatitimira mumchenga. Tinatsika kukankha, dalaivala akutinena kuti tonse ndife alesi obadwa nawo. Ena anakwiya. Ine ndinakankha ndikumwetulira, chifukwa mawu akuti tonse anandiphatikiza.

Tinafika ku Metangula dzuwa lili paliwombo. Mu ofesi ya zamaphunziro munali bambo wina wa magalasi, amene anawerenga kalata yanga mpaka pansi.

"Yalembedwa bwino, a purofesa. Koma pakusowa maganizo a direitori wanu."

"Direitori ndine."

"Ndiye mwachita mwayi, simuyenda kawiri. Lembani apa ngati mukulola kapena mukukana. Mukalola, sukulu iyambe yatseka. Wolowa m'malo mwina chaka chamawa."

"Nanga ana?"

"Funso limenelo ndi la direitori."

Ndinatuluka ndi pepalalo, ndinagula mandasi awiri, limodzi la direitori, lina la mphunzitsi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Mphunzitsi anadandaula momveka: kudya yekha, kudwala malungo yekha, kuseka nthabwala zake yekha. Zonse zinali zoona. Direitori sanatsutse. Anangoyamba kutchula maina a ana a kalasi yoyamba, amene mwezi womwewo anali atayamba kulumikiza zilembo, mmodzi mmodzi, mpaka pa mtsikana wina amene amabwera ndi mng'ono wake kumbuyo. Pamenepo mphunzitsi analira, anthu akudutsa ndi njinga.

Ndinalemba kuti ndakana, ndinasaina, ndinabwerera mkati. Ulendo wonsewu unandiphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kuti pamudzi paja ndinkafuna munthu wondikaniza kanthu, ndipo ndinayenera kulipira lole kuti ndikamupeze.

Bambo wa magalasi uja anauzira mpweya pachidindo, anadinda, n'kupukusa mutu.

"Direitori wanuyu ndi wouma mtima."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Koma ndi yekhayo amene amadya nane."