Nyali Yobiriwira ya a Arcanjo

A Arcanjo a ku Domwe ndi munthu wosauzidwa. Ndakulira nawo mudzi umodzi, koma sindinawamvepo akunena kuti "sindikudziwa." Pochoka ku Joni, komwe ankasamalira maluwa pakhomo pa mzungu, sanabwere ndi njinga yamoto ngati anzawo. Anabwera ndi karinya, galimoto yakale yonga minibasi, kuzulamo mipando, kuikamo bedi, mbaula ndi kajeleira, kafiriji kakang'ono. Ife tinkangoti khola loyenda.

Kajeleirako sikanali kodzitamira. Akazi awo, mayi Edite, ankadwala shuga, ndipo insulina yomwe ankadzibaya inkafunika kukhala pozizira. Chaka chilichonse amuna awo akamakakumba kachewere kudimba la ku Lifidzi, iwo ankatsala kwa achimwene awo ku Ulongwe, komwe kuli magetsi. Zinkawawawa a Arcanjo kuti mkazi wawo akusungidwa ndi alamu.

Bwana wa ku Joni anawapatsa masola ndi inversori yomwe anachotsa panyumba pake, bokosi losintha mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi a m'nyumba. A Arcanjo anakaziyesera pakhomo pa alamuwo, atalumikiza chingwe kusoketi ya pakhoma. Nyali yobiriwira ya pabokosilo inayaka, jeleira n'kuzizira. Alamu anati afunse kaye wodziwa. A Arcanjo anangoseka.

"Amake Lino, longedzani," anauza akazi awo. "Chaka chino tikakumba limodzi."

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Atafika kudimba, nyali ija inakana kuyaka. Anapukuta masola, kumasula mawaya, kumanganso, kutembenuza galimoto kuti iyang'ane dzuwa, koma ayi ndithu. Kubwerera ku Ulongwe kukanakhala kugwadira alamu, ndiye ankangoti mawa zitheka.

Mayi Edite ankawadziwa amuna awo. "Musavutike, abambo ake Lino, mankhwala akadali bwino," ankatero. Ankadzibaya insulina yomwe yakhala ikuphikika m'galimoto yotentha ngati uvuni wa buledi, n'kupita kukatola kachewere. Ludzu linawakulira, thupi n'kumafooka. Tsiku lina masana anagona pamzere osadzukanso bwino. Pofika nawo kuchipatala anali atakomoka kale, ndipo sanatsitsimuke.

Maliro atatha, a Arcanjo ananyamula bokosi lija kupita nalo kwa a Valentim, okonza zamagetsi pamsika wa Ulongwe. Ndinawaperekeza. Ankafuna kumva kuti mzungu anawapatsa chowonongeka.

"Ilibe vuto iyi, bambo," anatero a Valentim. "Koma ndi yapanyumba. Imayamba yamva kaye magetsi a m'mawaya a mumsewu, ndiye n'kugwira ntchito. Ikapanda kuwamva imadzizimitsa yokha. Ya m'galimoto ndi ina, yoyendera bateriya."

Ine ndinali nditawakwiyira a Arcanjo kuyambira kumanda, ndipo sindinasiyebe, koma tsiku limenelo ndinawamvera chisoni.

Dimba analisiyira abale. Karinya ili pamiyala kuseri kwa nyumba ya alamu aja, omwe sawalankhula koma sawathamangitsa, ndipo a Arcanjo amagona momwemo. Chingwe anachilumikizanso kusoketi. Dzuwa likangotuluka nyali yobiriwira imayaka, jeleira ikulira bwinobwino. Nditapita kukawaona anaitsegula kuti ndigwire ndione kuzizira kwake. Munalibe kanthu.