Rauta ya Nyanga Ziwiri

Ndinali ndi zaka seventini pamene malume ananditumiza ku Ndola kukagula rauta, kachipangizo kogawira makompyuta intaneti. Iwo ankagwira ntchito kumgodi, koma Loweruka ankalumikiza makompyuta m'maofesi ndipo ankandiphunzitsa. Ulendo uwu anapeza ntchito panyumba ina pafupi ndi msika wa Chisokone: pansi panali kafe ya intaneti, pamwamba kachipatala. Onsewo ankadalira waya umodzi.

"Ugule yolembedwa VLAN pabokosi, yodziwa thiranki," anatero akundipatsa pepala. "Waya ndi umodzi, koma za kuchipatala ziziyenda njira yake, za anyamata apansi njira yake. Zisakumane. Wamva?"

Tsiku lomwelo ananyamuka kupita kumaliro ku Chipata.

M'sitolo yoyamba rautayo inalimo. Wogulitsa anawerenga pepala, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe mwaice, ukadali mwana, izi n'za akuluakulu. Kaitane atate ako." Mtima wanga suchedwa kupsa, mpaka lero. Ndinamutukwana n'kutuluka. M'sitolo yachiwiri ndinagula ina yonyezimira, ya nyanga ziwiri, osafunsa kanthu. M'minibasi ndinatembenuza bokosi mbali zonse, zilembo zija panalibe. Bokosilo ndinalitaya padzala la kumsika.

Lolemba ndinailumikiza ndekha. Timagetsi tobiriwira tinayaka, intaneti inagwira pamwamba ndi pansi, ndipo ndinadziuza kuti malume amangokonda kuvutitsa zinthu.

Lachinayi mnyamata wina m'kafe anangopezeka watsegula mafayilo a kuchipatala. Munali mayina ndi zotsatira za kuyezetsa magazi. Anaitana anzake. Limodzi mwa mayinawo linali la amake Tiza, oyandikana nafe ku Chamboli, amene ankayambitsa nyimbo kwa amayi a mvano. Lamulungu kutchalitchi anakhala okha pabenchi. Nyimbo anayambitsa wina.

Malume atabwera sanandimenye. Bola akanandimenya. Anazula rauta ija, anandinyamulitsa, tinayenda nayo mpaka pakhomo pa amake Tiza. Tinawapeza akuchapa, thovu lili m'mikono.

"Amayi, wolakwa ndi uyu, ndi ine amene ndinamusiyira ntchito," anatero malume. "Nena wekha."

Ndinanena zonse, za bokosi zomwe. Anandimvetsera osasiya kufinya malaya a amuna awo.

"Ndinkafuna kuwauza ndekha atate ake Tiza," anatero. "Ndinali nditasankha kale tsiku, mwanawe. Koma anakamvera kwa anzawo kushifiti, kuntchito."

Mwezi usanathe anasamukira kwa achemwali awo ku Luangwa, amuna awo anatsala.

Ntchito ya malume ndiyo ndimadyera lero. Ndikamagula rauta ndimaiyatsa m'sitolo momwemo, ndione ndi maso anga kuti imapatuladi njira pawaya umodzi. Ogulitsa ena amandinyoza, amati mdala uyu ngovuta. Magazi amawira monga kale, mawu oipa amafika pamilomo. Koma sindituluka. Ndinatulukapo kamodzi, ndipo amene anapsa ndi mkwiyo wanga sanali wogulitsa uja.