Ndinakaikitsa Linux pa Nsaru, Anandibera Mboni ya Munda

Go! Go! Go! Ndodo ya agogo ikugogoda tsinde la muwanga. "Pathu pathera apa. Wajambula?"

Mawu amenewo ndi amene munthu wina wandibera pa Nsaru pano. Werengani mpaka kumapeto musanapereke kompyuta yanu kwa aliyense.

Ondidziwa akudziwa kuti ine sindiyankhulayankhula. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, anandilera ndi agogo. Chaka chatha, asanatisiye, anandiuza kuti ndiwajambule pa foni akuyenda m'malire a munda wathu wa mtedza: pa muwanga, pa chulu, pa khwawa, mpaka pa chitsa cha mango. Foniyo inagwera m'chitsime. Kanemayo anatsala mu laputopu mokha. Pano a Mbewe, oyandikana nafe munda, alowa mizere makumi awiri mbali yathu. Mlandu ndi Lachisanu lino. Mboni yanga ndi imodzi basi: agogo, mu laputopu.

Koma laputopuyo inkatenga mphindi khumi kuti iyake, mavairasi ali tho. Ndinaopa kuti idzandizimira pamaso pa anthu kubwalo. Mnzanga wina wophunzitsa anati ndiikitse Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yomwe ndi yaulere komanso yopepuka. Anati ikhoza kukhala pambali pa yakaleyo osakhudza kanthu.

Lachiwiri, 9:20 m'mawa, ndinalowa m'kashopu kobiriwira kuseri kokwerera minibasi. Mwini wake amadzitcha Injiniya. Anati K15,000. Chinthu chaulere, eti? Ndinapereka. Ndinawauza katatu kuti muli kanema wa agogo, asafufute chilichonse.

"Achimwene, mukuphunzitsa ine?" anatero. "Makompyuta amene ndaikamo Linux ndi ambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwanumo."

Analowetsa fulashi, n'kuyatsanso laputopu. Ndinaima pambali pawo. Anasankha chiyankhulo. Anasankha kiyibodi. Panabwera mapu, anadina dziko lathu kuti nthawi ikhale yolondola. Kenako panabwera funso lalikulu: tiike pambali pa zomwe zilimo, kapena tifufute zonse? Chingelezi ndimawerenga. Ndinaloza choyambacho ndi chala.

Anachotsa dzanja pa kompyuta. "Pitani mukadye kaye chiwaya. Zitenga ola lathunthu. Kompyuta sikonda kuyang'aniridwa."

Kodi ndi nkhuku yoti ikuikira dzira?

Koma agogo anandilera kuti munthu akakhala pa ntchito yake, usamuime pakhosi. Ndinatuluka. Kulakwa kwanga n'komweko.

10:45 ndinabwerera. Laputopu ikuyaka mwachangu, yoyera bwino, yokongola. Ndinafufuza foda yolembedwa "Agogo". Palibe. Zithunzi za maliro awo, palibe. Chilichonse, palibe.

"Linux ndi mmene imachitira," anatero Injiniya, maso ali pa foni. "Imasesa yokha zonse. Mukanasunga pena."

Pakona ya shopuyo pamakhala aNaphiri, mayi amene amataipira anthu makalata. Anasiya kutaipa. Anaweramitsa mutu. Ine ndinaona. Ndinanyamula laputopu n'kumapita.

Kunyumba ndinaitembenuza. Ine ndimaona zinthu. Pansi pake panali timabawuti tisanu ndi kamodzi. Tsopano tinali tisanu, mitu yake yokalikakalika. Ndinayatsa, n'kuyang'ana kukula kwa hadi disiki, kabokosi kam'kati kamene kamasunga zonse. Yanga inali ya 500GB. Linux yomweyo inandionetsa poyera kuti 120GB.

Kodi Linux imamasula mabawuti? Ili ndi manja? Imachepetsa hadi disiki ngati malaya ochapa m'madzi otentha?

Sanafufute kanthu munthu uja. Ine ndikudya tchipisi, iye anachotsa disiki yanga yaikulu, n'kulowetsamo kakale kake, n'kuikamo Linux, n'kuinamizira.

Lachitatu, 8:05, ndinali pakhomo pake. Ndinayankhula mwaulemu.

"Bambo, ndibwezereni hadi disiki yanga. Ndalama zija khalani nazo."

"Disiki iti? Muli ndi umboni?"

Ndinamuonetsa pomwe panasowa bawuti. Ndinamuonetsa 120 ija. Anaseka, mpaka kuitana a kabaza amene anali panja kuti adzamve.

"Iwe mwana wamasiye iwe," anatero, "agogo ako anawola kalekale. Ukufuna akuukire mu kompyuta?"

Sindikudziwa kuti kauntala ndinaidumpha bwanji. Ndinangoona kolala yake ili m'manja mwanga. Ndinamuwombetsa mutu pa kabati ya galasi yoikamo mafoni. Phwaa! Magalasi mbwee pansi. Anagwa chagada, n'kutola kachitsulo kake kowotcherera mawaya, kali kotentha, n'kundikanikiza nako pamkono. Ndinamva fungo la khungu langa lomwe, ngati mbuzi yowawula. Sindinamusiye. Ndinamupatsa chibakera chapakamwa, dzino linagwera m'katoni ya matchaja. Ndinamupatsanso china. Magazi ake ndi anga anasakanikirana pa kiyibodi ya aNaphiri, iwo akukuwa kuti, "Muphana! Muphana!"

A kabaza atatu anandikoka miyendo. Mmodzi anandiponda m'nthiti. Ananditaya panja pafumbi, anthu a pamsika atazungulira, ena akuti wamisala, ena akuti wasuta. Injiniya anaima pakhomo atagwira pakamwa, akulavula magazi, akukuwabe kuti disiki sanaione.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinamenyepo munthu. Agogo akanaona akanachita nane manyazi. Sindikudzitama nazo. Koma ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho.

Injiniya, ngati Linux imasesa yokha, bawuti langa lili kuti? Bwanji munandithamangitsa pa funso lenileni lija? Ndi anthu angati a ku Kabudula ndi ku Nambuma amene munawatumiza kuchiwaya, n'kubwerera ndi makompyuta opepuka ngati chikwatu chopanda kanthu? Lachisanu ndikaima kubwalo, a Mbewe akati malire ndi pa chulu osati pa muwanga, ndikawaonetse chiyani? Dzino lanu?

Inu nonse mukufuna kuikitsa Linux, ikitsani. Ilibe mlandu. Laputopu yanga ikuthamanga kuposa kale, ndipo chondipweteka n'chomwecho. Koma zinthu zanu muyambe mwazisunga pa fulashi. Muwerenge mabawuti. Mulembe kukula kwa disiki papepala, mwini shopu akuona. Ndipo likafika funso loti tifufute kapena ayi, musachoke. Ngakhale atati njala ikuphani, musachoke.

Izi ndikulemba ndi dzanja limodzi, nditakhala pakhonde la chipatala, mkono atandimanga bandeji. Ndimati ndithere pomwepa. Koma 11:30 yomweyi afika aNaphiri, thukuta lili kamukamu, chikwama chawo chili kukhwapa. Sanandipatse moni.

"Disiki yanu inali m'kabati yapansi," atero. "Injiniya amati akaigulitsa Loweruka m'tauni. Kaya anafufuta kaya ayi, ine sindikudziwa zimenezo."

"Amayi, nanga ntchito yanu?"

"Ntchito yake iti? Ine pamenepaja ndachokapo. Munditchule ngati mukufuna. Amayi anga nawonso anamwalira, ndipo ndilibe ngakhale chithunzi chawo."

Andiika m'dzanja kanthu kokulungidwa m'pepala la kalata yotaipa theka. Kolemerera, kozizira. Pamwamba pake amata ndi selotepi kabawuti kamodzi.

Ndisanati zikomo, atembenuka, n'kulowera njira ya kudepoti.